Timafika pabokosi koma zigoli sizibwera, tiphunzitse bwanji anyamata?

Kwabwera imelo yochokera kwa mphunzitsi wa timu ya anyamata osapitirira zaka 17. Akuti anyamata awo amapatsirana bwino kuchokera kumbuyo mpaka pakati, koma akayandikira bokosi la adani nzeru zimawathera: wina amangomenya ali kutali, wina amangoponya krosi yam'mwamba yothera m'manja mwa goloboyi. Akudabwa chifukwa pa tireningi amamenya pagolo tsiku lililonse, ndipo akufunsa kuti akulakwitsa pati.

Akochi, ndikukayikira kamenyedwe ka pagolo ka tsiku lililonseko. Matimu ambiri amachita motere: anyamata 15 afola mzere, kochi aima pakhomo pa bokosi n'kumawabwezera mpira, aliyense amenya popanda womutchinga, kenako abwerera kumapeto kwa mzere kukadikira mphindi ziwiri. Mpata wotero pamasewero enieni kulibe. Mnyamata amaphunzira kumenya mpira umene wabwera kale bwino, koma saphunzira chimene chikukusowani inuyo, chomwe ndi kufikitsa mpirawo pamalo abwino, pa nthawi yake, kwa munthu amene akubwera akuthamanga.

Malowo ndi ati? Pabwalo la mamita 105, gawo lomaliza ndi mamita 35 oyandikira golo, koma si paliponse m'gawomo pamene pamabereka zigoli. Bokosi lalikulu limalowa mamita 16.5 kuchokera pamzere wa golo, laling'ono mamita 5.5, ndipo kadontho ka penate kali pa mamita 11. Pakati pa bokosi laling'ono ndi kadonthoko, moyang'anizana ndi golo, ndi pamene mpira uyenera kumathera. Tengani phulusa mulembe malowo pabwalo lanu kuti anyamata aziwaona ndi maso.

Omenya ali kutaliwo musawakalipire kwambiri. Ambiri akadali ndi chithunzi cha chigoli chimene Gabadinho Mhango anamwetsa Morocco ku Yaoundé mu Januwale 2022. Chinali chigoli chokoma zedi. Koma auzeni kuti Gaba anayamba wakweza mutu, anaona kuti goloboyi Yassine Bounou watalikira golo lake, kenako anamenya. Lamulo la timu likhale lomwelo: kunja kwa bokosi umenye pokhapokha ngati waona golo, palibe mwendo wa mdani kutsogolo kwako, ndipo palibe mnzako amene ali pabwino kuposa iwe.

Chimene ndingayambe kuphunzitsa timu yanu ndi mpira wobwezera m'mbuyo kuchokera pafupi ndi mzere wa golo. Manchester City ya Pep Guardiola inamwetsa zigoli 106 mu ligi ya ku England mu 2017/18, ndipo njira imene inkaoneka kawirikawiri inali yomweyi: munthu alowa m'bokosi cham'mbali, n'kudutsitsa mpira wapansi kwa anzake omwe akufika. Imagwira ntchito chifukwa otchinga kumbuyo amakhala akuthamangira kugolo lawo, nkhope zitaloza ukonde, ndiye mpira ukabwerera m'mbuyo amafunika kuima ndi kutembenuka. Goloboyi amakhala wakakamira pamtengo wapafupi. Wolandirayo amakumana ndi mpira akuyang'ana golo, ndipo sangakhale ofusayidi poti ali kumbuyo kwa mpira. Timu ya anyamata aafupi njira imeneyi imaikomera kuposa krosi yam'mwamba, imene imangosangalatsa otchinga ataliatali.

Kuti mufike kumzereko, mawinga aime m'mbali penipeni, nsapato zikhudze mzere wam'mbali. Bwalo la mamita 68 m'lifupi anthu anayi akumbuyo sangalitseke lonse. Wotchinga wam'mbali akatuluka kukakumana ndi winga, pamatseguka mpata pakati pa iye ndi mnzake wapakati, ndipo wosewera pakati, nambala 8 kapena 10, athamangire mumpatamo. Ngati wotchingayo satuluka, winga atenge mpira n'kumulunjika, amudyetse njomba kamodzi basi n'kudutsa. Njomba yachiwiri ndi yachitatu zimapatsa adani nthawi yobwerera.

M'bokosi mulowe anthu atatu, aliyense ndi njira yake. Nambala 9, wosewera kutsogolo penipeni, athamangire kumtengo wapafupi ndi mpira, mwamphamvu, ngakhale akudziwa kuti mwina mpira sumupeza. Ntchito yake ndi kukoka otchinga awiri apakati kuti atsike naye. Winga wa mbali inayo alowe kumtengo wakutali. Wachitatu, wochokera pakati, afike mochedwerako pakadontho ka penate, pamene 9 wasiya posesa. Wachinayi atsale pakhomo pa bokosi kudikira mipira yobwerera, ndipo kumbuyo kutsale anthu oposa adani omwe atsalira kutsogolo ndi mmodzi, kuti mukataya mpira musagwidwe njakata.

Pa tireningi gawani mphindi 40 motere. Mphindi 10 zoyamba zikhale zopanda otchinga, goloboyi yekha: 8 apatsira winga, athamangira mumpata, winga amubwezera, iye afika kumzere n'kubweza mpira kwa atatu aja. Sinthanani kumanja ndi kumanzere kuti mzere usatalike, ndipo ngati mipira muli nayo inayi yokha, ikani anyamata awiri kuseri kwa golo azitola, n'kumasinthana. Musakhalitse pamenepa. Mphindi 12 zotsatira lowetsani otchinga awiri m'bokosi, kenako wachitatu wolimbana ndi winga. Apa wopereka mpira amayamba kusankha: otchinga akatsika ndi 9, abweze pakadontho, akaima kudikira, adutsitse mpira wolimba pakati pa iwo ndi goloboyi. Mphindi 18 zomaliza sewerani pa theka la bwalo, oukira 7 kulimbana ndi otchinga 6 ndi goloboyi. Otchinga akalanda mpira azigoletsa m'timagolo tiwiri ta miyala pamzere wapakati, apo ayi amangoukankhira kutchire ndipo oukira saphunzira kulanda msanga. Chigoli chochokera pa mpira wobwezera chiwerengedwe ziwiri. Mmodzi agwire mbendera ya ofusayidi, chifukwa popanda iyeyo anyamata amazolowera kubisala kumbuyo kwa otchinga.

Cholakwika chimene mudzachione choyamba n'chakuti amafika msanga. Mnyamata afika pakadontho mpira usanachoke, aima, wotchinga n'kumugwira malaya. Muuzeni ayambe liwiro pokhapokha wopereka mpira akakweza mutu. Ndipo woperekayo akwezedi mutu asanamenye, poti ambiri amangobweza mwachizolowezi maso ali pansi. Imitsani sewero, mufunseni kuti waona ndani. Akalephera kuyankha kawiri katatu, amayamba kuyang'ana.

Pabwalo la fumbi ndi zibuma, mpira wofewa umafera panjira kapena kudumpha. Aubweze ndi m'kati mwa phazi koma molimba, ngati akupatsira munthu ali mamita 20. Womaliza asatenge mwendo kutali, mphamvu ili kale mumpiramo. Phazi loponda likhale pambali pa mpira, chifuwa chiweramire kutsogolo, amenye kamodzi molunjika pakona yapansi. Mukaona mipira ikuuluka pamwamba pa golo, yang'anani thupi lake: nthawi zambiri amakhala wagonera chagada chifukwa phazi loponda latsalira m'mbuyo.

Pamasewero a Loweruka, pemphani wothandizira wanu akhale ndi kope, azilemba kachizindikiro nthawi iliyonse timu ikalowa m'bokosi ndi mpira, ndiponso anthu angati anali m'bokosimo mpira ukudutsa. Mukapeza kuti mukulowa kambirimbiri koma m'bokosi mumakhala munthu mmodzi, sabata yotsatira limbikirani kathamangidwe ka winga wakutali ndi nambala 8. Mukapeza kuti simukulowa n'komwe, bwererani kwa mawinga, muone ngati akuimadi pamzere.