Funsani Malume: sopo wometera ndevu akununkhira koma thovu likuthawa

Malume muli bwanji kumeneko. Ine ndimakhala ku Moatize, ndine dalaivala, ndevu zanga nzolimba ngati waya ndipo ndimameta ndekha ndi lezala kawiri pa sabata. Mlamu wanga pobwera kuchokera ku Johannesburg mwezi wathawu anandigulira sopo wometera ndevu wa m'kachitini, akuti ngopanga pamanja osati wa ku fakitale, limodzi ndi kaburashi kake. Ukangotsegula eee, fungo lake ngati wasenda lalanje pafupi ndi matabwa ongocheka kumene, mpaka mayi akunyumba anandifunsa kuti mwayamba kutchenera ndani. Koma thovu lake silikhalitsa, ndikamameta tsaya lamanja kumanzere kwauma kale, lezala likungokoka, ndipo ndikangosamba fungo lija basi lapita. Kodi mlamu wangayu sanamubere? (Dalaivala, Moatize)

Achimwene a Dalaivala, alamu anuwo musawakayikire, agulireni kaye fanta. Nkhani ya fungo tithane nayo msanga chifukwa njosavuta: sopo ameneyu si pefyumu, mumamutsuka ndi madzi nde fungo limapita ndi madziwo. Komanso fungo la lalanje ndi la ndimu ndi lija lothawa msanga kuposa onse, mafuta ake amauluka mosavuta, pamene fungo lolemera ngati la mkungudza, sandalwood, vetiver kapena fodya limakakamirako pang'ono pakhungu, koma nalonso musayembekeze kuti mufika nalo ku Zobue. Fungo ndi lokusangalatsani inuyo pa mphindi khumi zometazo. Lofuna kuti anthu amve m'chapa, minibasi ija, mugule padera, lopaka mukatha kumeta.

Zathovuzo ndiye tikhalepo pansi. Ine ndikuganiza kuti mukuchita zomwe tonse tinachita tsiku loyamba, kugunditsa burashi kawiri katatu pa sopo ngati mukuwopa kuti atha, kenako kuthamangira kumaso. Sopo wamtunduwu safuna kumuumira. Nyikani burashi m'madzi ofunda, ifinyeni pang'ono kuti isamadonthe, nde muzungulize pa sopo mpaka mutawerenga 30 kapena 40 mosathamanga, tsitsi la burashi lichite kumatana ngati phala. Pamenepo ndi pomwe mupite kumaso konyowa kale, muzipaka mozungulira uku mukuwonjezera madzi timadontho timadontho, osati kukhuthula. Poyamba pamaoneka ngati penti wouma, mukapitiriza kuthira timadzi pamasintha nkuyamba kunyezimira ngati yogati. Thovu la timabaluni tikulutikulu ngati la beseni yochapira ndi lachabe, limakongola m'maso koma pansi pake palibe choterera. Kayesedwe kanga ine nkotere, tapani pang'ono pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala mutikite, likamaterera ngati thelere la chidulo ndiye lapsa, likamachita kugwira wonjezerani madzi.

Ndipo kumbukani komwe mukukhala. Kutentha kwa Moatize ndi Tete mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, thovu lomwe munthu wa ku Tsangano angakhale nalo pamaso mpaka kumaliza, kwa inu liuma musanafike theka. Nde musapake nkhope yonse kamodzi, pakani tsaya limodzi mumete, kenako linalo, khosi pamapeto, ndipo musamete mutayang'anizana ndi fani.

China ndi madzi. Ngati mumatunga pa mjigo, tasuzumirani m'ketulo yanu, mukapeza zoyera zokakamira pansi ngati laimu ndiye kuti madziwo ali ndi calcium ndi magnesium wambiri, ndipo zimenezi zimagwirana ndi sopo nkupanga tizinyalala totuwa m'malo mwa thovu. Yesani tsiku limodzi ndi madzi a m'botolo kapena amvula, kapu imodzi yokha ikwana, muone kusiyana kwake. Ngati palibe kuchitira mwina, ingochulutsani sopo pa burashi.

Kukokako nthawi zina si sopo ayi, ndi lezala lobuntha. Ndevu zolimba ngati zanuzo lezala limodzi katatu kanayi latha, musalikakamize. Muzimeta mukangotha kusamba ndevu zitamwa madzi, ndipo motsata komwe zagonera, chifukwa ndevu zathu zopotanazi ukazidula mafupi kwambiri mobwerera zimapindika nkulasa khungu, ndi tiziphuphu ta pakhosi tija timeneto. Za mayi akunyumbazo ndiye sindilowererapo, apatseni kachitiniko anunkhize okha.

*

Malume, ine ndine mayi wa ku Ulongwe, ndimapanga sopo wochapira ndi wosambira ndi soda ndi mafuta nkumagulitsa pa msika. Bambo akunyumba amameta ndi sopo wangayo koma amadandaula kuti amawotcha ndipo khungu limathetheka makamaka nthawi yozizira. Ndingathe kupanga wometera weniweni? (Mayi wa sopo, Ulongwe)

Mayi, mungathe, koma si resipi yomweyo kungosintha chikombole ayi. Soda amene mukugwiritsa ntchitoyo, sodium hydroxide, amatulutsa sopo wolimba wochedwa kusungunuka, ndipo ntchito yake ndi kuchotsa mafuta ndi litsiro, nchifukwa chake masaya a bambowo akuthetheka, kuphatikiza ndi mphepo ya Angonia ya mu Juni ija. Wometera amapangidwa kwambiri ndi mnzake wa soda wotchedwa potassium hydroxide, ena amasakaniza awiriwa, wa potassium nkuchulukirapo, kuti sopo akhale wofewa wolowa msanga mu burashi. Mukadziwa chidulo ndiye kuti banja lake mukulidziwa kale, phulusa lili ndi potashi ndipo sopo wakalekale ankachokera m'madzi a phulusa omwewo. Koma chonde musatenge chidulo cha thelere nkupangira sopo wa kumaso, mphamvu yake siyezeka, lero chafooka mawa chapsereza munthu.

Chinsinsi cha thovu lokhalitsa ndi stearic acid, amagulitsidwa ngati timibulu toyera tonga kandulo, ndipo opanga ambiri amaika pafupifupi theka la mafuta onse. Mwayi wanu ndi woti mafuta a ng'ombe ali naye kale wambiri ndithu, ndipo ng'ombe kwanuko si zosowa, kapempheni mafuta olimba aja a ku impso kwa ogulitsa nyama, muwasungunule pa moto wochepa nkusefa kawiri katatu mpaka fungo la nyama litatha. Musachite manyazi nawo, sopo wa Arko wa ku Turkey amene ometa ambiri amamudziwa ndi wa mafuta a ng'ombe omwewa. Onjezani mafuta a kokonati pang'ono kuti thovu libwere msanga, akachuluka amaumitsa khungu, ndi timafuta ta nsatsi tochepa, magawo asanu pa 100 alionse, timathandiza kuti thovu lisaphwe. Ubwino wa sopo wopanga pamanja ndi woti glycerine amatsalira momwemo, ndi amene amasiya khungu lofewa.

Stearic acid amasungunuka pa madigiri pafupifupi 70 ndipo akangokumana ndi madzi a soda amagwirana nthawi yomweyo, nde sopoyu ngophika pa moto uku mukutakasa, osati kungosakaniza nkuthira m'chikombole. Mukhale ndi sikelo yeniyeni chifukwa muyeso wa potassium ndi wosiyana ndi wa soda, mukangosinthanitsa supuni kwa supuni zilakwika. Zinazi mukuzidziwa kale koma ndinenabe poti akuwerenga ndi ambiri: soda amathiridwa m'madzi osati madzi mu soda, magolovesi m'manja, ana kutali, ndipo mapoto athu a aluminiyamu aja ayi, soda amawadya. Sopoyo akapsa musiyeni masabata angapo aume bwino musanampatse munthu.

Fungo muike pomaliza sopo atayamba kuzizira, ndipo pang'ono. Ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndi bulugamu, sopo wa Proraso wa ku Italy uja wobiriwira ndi bulugamu ndi menthol basi ndipo wakhala akuyenda malonda zaka zambirimbiri. Sinamoni ndi clove musiye kaye, amanunkhira bwino koma ambiri amawawotcha. Mtanda woyamba osaika fungo lililonse, ayese bambowo, akasiya kudandaula ndiye muziganiza za msika.

*

Malume ndili ndi kamalo kometera ku Zobue pafupi ndi boda. Ndinagula sopo wonunkhira kwambiri kuti makasitomala azikopeka koma awiri andiuza kuti kumaso kumayaka moto ndikawapaka, ndipo sopoyo wayamba kutuluka timadzi pamwamba. Waonongeka? (Wometa, Zobue)

Aise, timadzito si kuonongeka, ndi glycerine amene amakoka chinyezi cha mumpweya, pukutani ndi kansalu. Mukatha ntchito musatseke chitini sopo ali chinyowere, msiyeni pamthunzi aume kaye nde mutseke, ndipo osamuika pa windo poti dzuwa limamaliza fungo.

Koma za motozo musazitenge mopepuka. Kuzizira kwa menthol ndi kwina, kumamveka ngati kamphepo ndipo khungu silisintha. Kukamayaka, kufiira kapena kutupa ndiye kuti khungu la munthuyo likukana mafuta a fungowo, mutsukeni ndi madzi ozizira pompo ndipo musadzamupakenso, zikapanda kutsika apite kuchipatala. Khalani ndi sopo wachiwiri wopanda fungo, ndipo kasitomala watsopano mumufunse kaye. Lezala ndiye aliyense lake latsopano, mulitsegule iye akuona, chifukwa hepatitis B ndi HIV zimayenda ndi magazi ndipo kachilonda ka lezala sikachedwa. Pedra-ume uja woletsa magazi nayenso musamazungulitse mwala umodzi pa anthu onse, gulani waufa muzitapa ndi kathonje katsopano. Burashi muitsuke bwinobwino ndi kuinyika mu mankhwala ophera tizilombo munthu aliyense akadzuka pampando, nde bola mukhale nazo ziwiri za tsitsi la pulasitiki, zimauma msanga ndipo ina ikamauma inayo ikugwira ntchito.