Flexplate yang'aluka: kuwotcherera kapena kugula ina?

Bambo wina wa ku Chelstone, ku Lusaka, wanditumizira imelo. Ali ndi Toyota Allion ya automatic, ndipo galimoto ikaima injini ikulira, pamamveka kugogoda pakati pa injini ndi giyabokosi. Akalowetsa giya, phokosolo limachepa. Makanika wawauza kuti flexplate yang'aluka. Mnzawo akuti angoiwotcherera, pomwe wogulitsa masipeya m'tauni akuti ya Toyota iliyonse ilowa. Amvere ndani?

Bambo, makanika wanu akuoneka kuti wamva bwino, chifukwa kugogoda kumeneku ambiri amakusokoneza ndi kwa mabering'i a injini, mpaka kuphwasula injini yabwinobwino. Koma enawo musawamvere.

Flexplate ndi chimbale chopyapyala chachitsulo chomwe chimamangidwa kumbuyo kwa crankshaft, chitsulo chachikulu cha m'kati mwa injini chomwe mapisitoni amazunguliza. M'mabuku a Toyota amachitcha drive plate, ndiye mukamafunsa m'sitolo tchulani maina onse awiri. Chimapereka mphamvu ya injini ku torque converter, chipangizo chodzaza mafuta chomwe chimalumikiza injini ndi giyabokosi ya automatic, ndipo m'mphepete mwake muli mano amene sitata imagwira poliza injini. Galimoto ya manual ili ndi chimbale cholemera pamalo omwewa, chotchedwa flywheel, koma ya automatic siifunika, poti converter yodzaza mafuta ndi yolemera kale. Kupyapyalako ndi kwadala: converter imasuntha pang'ono kutsogolo ndi kumbuyo mafuta akatentha ndi kupanikizika, ndipo chimbalecho chimagonja m'malo mokankha crankshaft. Mukachiwotcherera, pamalopo pamauma, mbali imodzi imalemera, ndipo mng'alu wina umayambira pambali pa chowotchereracho. Chikadukiratu muli pa Great East Road, injini idzalira koma galimoto osasuntha.

Nanga yoti iliyonse ilowa? Allion yoyamba ija, ya 2001 mpaka 2007, inabwera ndi injini zosiyana. Ya 1NZ-FE, ya malita 1.5, ili ndi mabawuti 6 pa crankshaft, pomwe ya 1ZZ-FE, ya malita 1.8, ili ndi 8. Dzina la galimoto ndi limodzi, zimbale n'zosiyana. Komanso galimoto zambiri kuno zinasinthidwa injini, choncho werengani nambala yomwe ili pa injini yeniyeniyo, osangodalira chassis.

Pokagula, nyamulani yakaleyo. Zigonekeni pamodzi, muone ngati mabowo a pakati ndi a converter akulingana, muwerenge mano limodzilimodzi, muonenso kuzama kwa chimbalecho. Kusiyana pang'ono kokha, sitata imayamba kukukuta mano. Ikakhala yogwiritsidwapo ntchito, itsukeni ndi petulo muyang'anitsitse mozungulira mabowo a pakati, chifukwa ming'alu imayambira pamenepo ndipo imabisala m'dzimbiri.

Amene muli ndi injini zina, pali zowonjezera. Pa Nissan VQ35 ndi Jeep ya malita 4.0, sensa ya crankshaft imawerenga mipata ya pa chimbale chomwechi, ndiye cholakwika chingalowe bwino koma injini osalira. Ma V8 akale a ku America ndi ovutirapo: Chevrolet small block ili ndi za mano 153 ndi za 168, ndipo Ford 302 inasintha kulemera kwa kachitsulo kolinganizira injini cha m'ma 1981. Mukasokoneza, injini imanjenjemera mpaka kudya mabering'i.

Chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi, bambo: flexplate siing'aluka popanda chifukwa. Kodi giyabokosi kapena injini inachotsedwapo? Pali tizitsulo tiwiri, ma dowel, tomwe timaongola giyabokosi kuti ikhale pakatikati pa injini. Kamodzi kakatayika pomanga, chimbale chimapindika pa kuzungulira kulikonse mpaka kutopa. Pa Toyota palinso timbale ting'onoting'ono, ma spacer, kutsogolo ndi kumbuyo kwa drive plate, tomwe ena amaiwala kapena kutembenuza. Uzani makanika wanu aone zonsezi, ayese ngati crankshaft sikusewera kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo atsimikize kuti converter yakhala mpaka mkati asanakweze giyabokosi. Asaikoke ndi mabawuti kuti ikumane ndi injini, angaswe pampu ya mafuta.

Mabawuti amangidwe ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, modumphadumpha, pamlingo wa m'buku la injiniyo, atapakidwa mankhwala oletsa kumasuka. Poti giyabokosi ikhala ili pansi kale, sinthiranitu silo ya mafuta ya kumbuyo kwa crankshaft, musadzalipirenso ntchito yomweyi kawiri.