R3,000 ya fizi pa hatchi ya Durban July?

Mbale wathu wina wogwira ntchito ku Durban walemba kalata. Mnzake wakuntchito wamunong'oneza dzina la hatchi imene akuti singaluze pa mpikisano wa mahatchi wa Durban July, ndiye akufunsa ngati aikepo R3,000 imene akusungira fizi ya mwana kumudzi. Wafunsanso za kubetcha pa basketball ya m'makoleji a ku America imene amaiona pa foni.

Achimwene, ndalama ya fizi ayi. Funso lanu landikhudza chifukwa anthu amene amadyedwa kwambiri pa tsiku limeneli si akadaulo a njuga, koma anthu ngati inu, amene chaka chonse sabetcha mahatchi koma atengeka ndi chikondwerero cha tsiku limodzi.

Durban July imachitikira pa bwalo la Greyville Loweruka loyamba la Julayi, ndipo inayamba mu 1897. Mtunda wake ndi mamita 2,200. Chimene mnzanuyo sanakuuzeni n'chakuti mpikisanowu ndi wa handicap: hatchi imene yakhala ikuchita bwino amaisenzetsa zolemera kuposa zinzake, dala, kuti zonse zikafike kumapeto mopanikizana. Anaukonza kuti pasakhale hatchi yosaluza. Onjezaninso khomo limene hatchi yagwera poyambira. Yoyambira kunja imathamanga mtunda wotalikirapo pamakona, kapena wokwera wake amaibweza m'mbuyo kuti alowe mkati, kenako n'kutsekerezedwa ndi anzake. Mvula ikagwa nthaka n'kufewa, hatchi ina imene imauluka pouma imasanduka mbuzi. Padziko lonse, hatchi imene anthu ambiri aikapo ndalama imapambana pafupifupi mpikisano umodzi mwa itatu, ndipo pa mipikisano ya mahatchi ambiri chonchi mwayiwo umacheperanso.

Komanso dzifunseni: munthu wodziwadi hatchi yopambana angaiulule bwanji pa nthawi ya tiyi? Pa kabetchedwe kotchedwa tote, ndalama za onse zimalowa m'thumba limodzi, eni ake amayamba atapapo gawo lawo, zotsalazo n'zimene opambana amagawana. Anthu akachuluka pa hatchi imodzi, aliyense amalandira zochepa. Wodziwa zoona amakhala chete. Amene amagulitsa mayina a mahatchi pa WhatsApp amapatsa anthu khumi mayina khumi osiyana, ndipo mmodzi amene wawinayo ndiye amasanduka umboni wokopera ena. Umenewu ndi umbava, palibe dzina lina.

Ena akamva izi amathamangira mbali inayo: ndiye tiike pa hatchi ya ma odds akuluakulu, imene anthu sakuiyembekezera kupambana koma ikapambana imalipira zambiri. N'zoona, Rich Strike inapambana Kentucky Derby mu 2022 pa 80/1, ndipo Mon Mome inatenga Grand National ku Aintree mu 2009 pa 100/1. Timawakumbukira mayinawa chifukwa zoterezi sizichitika kawirikawiri. Anthu owerengera za njuga anazindikira kalekale kuti mahatchi a ma odds aatali ndi amene amabweza zochepa kwambiri pa randi iliyonse yoikidwa, chifukwa anthu amalipira mopitirira pogula loto.

Pa basketball ija, chimene mukuona mu Malichi ndi mpikisano wa NCAA, bungwe la masewero a m'makoleji a ku America, umene amautcha March Madness. Akatha masewero oyambirira pamatsala matimu 64, woluza amapita kwawo, ndipo pamaseweredwa magemu 63 kuti ngwazi ipezeke. Njira zolosera magemu onsewo zilipo 9,223,372,036,854,775,808. Mu 2014 mpondamatiki wa ku America Warren Buffett analonjeza $1 biliyoni kwa wolosera onse molondola, ndipo palibe anaitenga. Osewerawo ndi ophunzira, tsiku limodzi loipa basi atuluka. Mu 2018 timu ya yunivesite ya UMBC, imene inali pa nambala 16 m'gulu lake, inagubuduza Virginia ya nambala 1. Mu 2023 Fairleigh Dickinson inachitanso chimodzimodzi kwa Purdue. Nanga inu, amene simunaonepo matimuwo akusewera, ndipo magemu ambiri amachitika muli m'tulo, mudziwa chiyani chimene oika ma odds sakudziwa?

Taonani pamene kampani yobetchetsa imadyera. Gemu ya matimu ofanana mphamvu, imene mwayi wake ndi theka kwa theka, imayenera kulipira 2.00 mbali zonse, kutanthauza kuti mukaika R1 n'kuwina mulandira R2. Iwo amakupatsani 1.91. Zikuoneka zochepa, koma kuti mungobweza ndalama zanu muyenera kulondola magemu oposa 52 pa 100 alionse. Tsopano ikani magemu khumi otere pa tikiti imodzi. Kagawo kaja kamadulidwa kakhumi, moti pa R100 iliyonse imene mwaika mumayembekezera kubweza R63 yokha. N'chifukwa chake pa foni amakuonetsani ndalama yaikulu ya pansi pa tikiti ndi zilembo zowala, ndipo amakupatsani bonasi mukaonjezera matimu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mawu akuti "timu imodzi yokha ndiyo yandiwonongera tikiti" si tsoka ayi, masamu ake amayenda choncho, ndipo kuphonya pang'onoko ndi kumene kumakubwezani mawa.

Za Trifecta ndi Quartet

Pa July mudzamva anthu akutchula izi kwambiri. Trifecta ndi kulosera hatchi yoyamba, yachiwiri ndi yachitatu m'ndondomeko yake. Pa mpikisano wa mahatchi 18, ndondomekozo zilipo 4,896. Quartet imafuna zinayi zoyambirira, ndipo pamenepo zilipo 73,440. Mukasankha mahatchi angapo n'kuwaika mu box kuti abwere mulimonse, mtengo umakwera msanga: mahatchi 4 pa Trifecta ndi mizere 24, mahatchi 5 ndi mizere 60, mahatchi 6 ndi 120. Ambiri amalakwitsa apa. Amaonjezera hatchi imodzi imodzi poopa kusiya yopambana, tikiti n'kufika R120 ngati mzere uliwonse ndi R1, kenako mahatchi otchuka akabwera monga aliyense amayembekezera, malipiro sasiyana kwenikweni ndi zimene anawononga.

Ngati mukufuna kusangalala ndi anzanu tsikulo, patulani ndalama imene mukanagulira nyama yootcha, tinene R100, ndipo muione ngati yapita kale. Khadi la kubanki lisiyeni kunyumba. Igaweni pawiri pa hatchi imodzi: R50 pa Win (kuti ipambana), R50 pa Place (kuti ikhala m'gulu la zofika koyambirira). Tiyerekeze kuti Win ikulipira 11.00 ndipo Place 3.50. Ikapambana mulandira R725 yonse pamodzi, ikangolowa m'malo olipidwa mulandira R175, ikatsalira mwataya R100. Funsani kaye kuti Place ikulipira malo angati, chifukwa zimasiyana. Dziwaninso kuti kwa bookmaker, wobetchetsa amene amaika yekha ma odds, mtengo umene mwatenga ndi womwewo, pamene pa tote mumadziwa malipiro mpikisano utatha. Werengani tikiti musanachoke pawindo: nambala ya mpikisano ndi nambala ya hatchi, poti tsikulo mipikisano imakhala yambiri ndipo July ndi umodzi chabe. Betchani kwa amene ali ndi laisensi, ndipo akaunti ikhale m'dzina lanu, chifukwa potapa ndalama adzafuna chiphaso chogwirizana nalo.

Mukaluza musaike ina pa mpikisano wotsatira kuti mubweze. R3,000 ija itumizeni kumudzi Julayi asanafike. Mukaona kuti mtima ukukakamirabe kuibetcha, imbani 0800 006 008, nambala yaulere ya National Responsible Gambling Programme komweko ku South Africa.