Mwanayo akuyambira pa 1, n'chifukwa chake akuphonya

Achemwali, mwafunsa kuti bwanji mwana wanu wa Sitandade 4 akayeza mzere amapeza masentimita 9 pomwe aphunzitsi akuti ndi 8, komanso kuti timizere tambirimbiri ta pa rula ntchito yake n'chiyani. Wanganso ankalakwitsa chimodzimodzi, ndiye ndikuganiza kuti ndikudziwa pamene pagona vuto.

Tamuyang'anitsitsani akamaika rula. Ana ambiri amaika poyambira mzere pa 1, poti kuwerenga anaphunzira kuyambira pa 1. Koma kuyeza si kuwerenga chambo pa benchi ayi. Pamene usanasunthe n'komwe ndi pa 0, ndipo ukafika pa 1 ndiye kuti wayenda kale sentimita yathunthu. Akayambira pa 1, yankho lizipitirira ndi sentimita imodzi nthawi zonse. Ena amayambira kumapeto kwenikweni kwa rula, pomwe marula ambiri amasiya kampata 0 asanafike. Amenewa yankho lawo limaperewera pang'ono.

Mbali imene manambala amafika 30 ndi ya masentimita. Pakati pa nambala ndi inzake pali timipata 10, kalikonse ndi milimita imodzi, ndipo kamzere katalikirako ka pakati ndi theka, mamilimita 5. Mzere ukathera timipata titatu kupitirira 7, alembe 7.3 cm. Aziwerenga timipata, osati timizere.

Mbali inayo, yofika 12, ndi ya mainchesi, ndipo pa homuweki asaikhudze. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Imagawidwa pakati, thekalo n'kuligawanso pakati, mpaka timagawo 8 kapena 16, ndiye mukawerenga ngati mamilimita mwasokera. Chodabwitsa n'chakuti kusukulu amaphunzitsa masentimita, koma mukalowa mu hadiweya pa boma pano mumva misomali ya folo inchi ndi malata a mafiti 10. Asodzi a ku Monkey Bay nawonso maso a ukonde amawatchula m'mainchesi. Telala akati chiuno chanu ndi 32, pa masentimita ndi pafupifupi 81, choncho potumiza muyezo pa WhatsApp muzinena mbali ya tepi imene mwawerenga.

Rula ikakhala yothyoka kumayambiriro musathamangire kugula ina. Ayambire pa 2, akawerenga achotsepo 2.

Madzulo ano mupatseni pepala la A4 ayeze m'lifupi mwake. Akapeza 21 wamvetsa, akapeza 22 adakali pa 1 paja.