Makinawo sanafe achimwene, tsegulani kumutuko muone chingwecho

Eish achimwene, ndi funso lanu lija loti weed eater ya bwana wanu, makina odulira udzu ndi chingwe aja, yasiya kutulutsa chingwe, mwandikumbutsa tsiku loti ndikaliganizira mpaka pano mtima umandiwawa. Musathamangire kukauza bwana kuti makina afa ayi, ine ndinalakwitsa pomwepo. Weed eater ya batire ikamalira bwinobwino, ikuzungulira, koma chingwe osatuluka ngati mukuneneramu, mota ilibe mlandu, nkhani yonse ili kumutu kuja ndipo kambiri vuto limakhala chingwe chenichenicho.

Ine zinandionekera December 2023, chaka chija cha load shedding yosati masewera. Ndinkagwira pa nyumba ina ku Randburg ku Joni kuno Lachitatu ndi Loweruka, kuchokera ku Cosmo City. Mvula inali itagwa sabata yonse nde mukumudziwa kapinga wa kikuyu mmene amachitira nthawi ya dzinja kuno, amayanga mpaka kukwera pa paving ngati mbatata. Ndangofika madamu akuti alendo abwera 1 koloko kuli braai, pakhale poyera. Batire ndinalisiya pa chaja Lachitatu koma wina anazula kuti atchaje nyali zawo, nde linali theka. Ndinatchetcha pakati ndi lawnmower bhobho, 10 koloko ndatha, kwatsala m'mbali mokha. Ndatenga weed eater, ka 18V, ndayenda mwina mamita asanu kutsata mpanda wa njerwa, thapu chingwe chaduka, ndipo chadukira mkati mwenimweni mwa kabowo kotulukira chingwe kaja moti palibe pogwira. Yathuyo inali ija yogogoda mutu pansi kuti chingwe chituluke. Ndagogoda pa kapinga, zii. Ndagogodanso, zii. Mtima utakwera ndinayamba kumenyetsa pa paving, go go go, ngati ndikusinja, osadziwa kuti ndikungoperesa chotsekera.

Nde ndati nditsegule. Ndadina timano tiwiri tam'mbali tija, abale inu, sipuring'i inangoti fyuu kudutsa pakhutu panga, komwe yagwera osakuona. Ndinagwada pa kapinga wonyowa uja kufufuza ndi zala, kukwawa uku ndi uku, galu wawo naye akuona ngati tikusewera akundinyambita kumaso, thukuta lili kamukamu, ndikacheuka madamu ali pa chitseko cha galasi foni kukhutu akundiyang'ana osanena kanthu. Kuli bwino munthu akukalipire kusiyana ndi kuyang'ana kumene kuja. Mphindi 40 zinatha ine ndili chogwada. Ndatulutsa ka spool, kokulungapo chingwe kaja, kuti ndione, chingwe chonse chagwirana ngati mkute, chasungunuka n'kumatana chokhachokha, kukoka ndi pulayala chikungoduka tizidutswa. Ndadula dula pomatana paja, ndakulunganso mwachangu mosayang'ana n'komwe kuti ndikulowera kuti, ndatseka popanda sipuring'i poganiza kuti mwina zitheka. Kungodina, chingwe chonse chinatuluka kamodzi, chandikwapula pa msongolo mpaka magazi, china chazengereza kukhosi kwa makina, mota yangoti hmmm n'kuima, kafungo ka pulasitiki yopsa. Apo ndi pomwe ndinapita kukanena ndi pakamwa panga kuti makina afa. Pakamwa panga ndekha!

M'mbali monse muja ndinamaliza ndi chisizasi chodulira hedge, chogwada, kuyambira pa geti mpaka kuseri kwa swimming pool. Alendo akufika ine ndikadali pansi, akundilambalala atanyamula ma cooler box, mwana wina mpaka kufunsa mayi ake kuti amalume awa akufuna chani pansipo. Madzulo bwana sanafunse n'komwe kuti chinachitika n'chani, anangoti waphwanya makina anga, ndidula R500. Tsiku ndinkalandira R250, nde Loweruka awiri ndinagwira ulere, December, mayi kumudzi akudikira ya feteleza wobereketsa chimanga chili m'mawondo.

Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'choti wolakwa anali iyeyo. Pa makina paja panalembedwa poyera kuti 1.6mm. Iye anandipatsa chimpukutu cha 2.4mm chotsala ku makina ake akale a petulo, chakhala zaka mu shedi ya malata, chotuwa, chouma gwa ngati nsungwi, akuti chingwe ndi chingwe basi bwanji tiwononge ndalama. Chi guard, chotchinga cha kumutu chija, anachotsanso yekha ati chimatchinga sakuona podula. Munthu sanagwirepo ntchito ya m'munda olo tsiku limodzi koma kudziwa zonse. Ndipo amadziwa kuti sungayankhe, ukangotukula mutu akukumbutsa za mapepala, mxii. Ku shopu kwina komwe ndinapita nako ka spool mnyamata wake osakayang'ana n'komwe, akuti model iyi inatha gulani makina ena. Anandithandiza ndi mdala wina wa ku Mzimba amagwira garden service ku Fourways, tinakumana ku tchalitchi, anangokatembenuza m'manja kamodzi n'kuseka, akuti mwana wanga wadyetsa mbuzi chakudya cha ng'ombe.

Nde mverani zimene anandiuza ndi zomwe ndaona ndekha kuchokera pamenepo. Choyamba chotsani batire musanagwire kumutu, ine tsiku lija sindinachotse, zala ndili nazo mwa chisomo. Tsegulirani pa simenti kapena m'kati mwa ndowa, osati pa kapinga, dzanja lina litaphimba, sipuring'i ija imadumpha. Kenako onani kukula kwa chingwe, zimalembedwa pa makina kapena pa ka spool pomwepo. Timakina ta batire tambiri ta 18V timadya 1.6mm, tina 2mm, za 2.4 kupita m'mwamba kambiri ndi za petulo. Chonenepa chimathina pa kabowo, chimalemetsa mota, batire limatha msanga.

Kumatana kuja kumabwera ndi kutentha. Ukamakanikiza mutu wonse pa khoma kapena pa paving chingwe chimamenya njerwa, chimagwedezeka mkati n'kutentha mpaka kusungunuka pang'ono, chikazizira chagwirana. Dulani ndi kunsonga kokha, muziyandikira pang'onopang'ono, nsonga ndi imene imadya udzu. China n'kukulunga. Pa spool pali kamuvi, tsatani komweko, mukalowera kwina sichituluka olo mugogode mpaka mawa. Mizere izigona pambali pa inzake mwaudongo ngati ulusi wa pa makina osokera, ikangopingasana ya pamwamba imapana ya pansi. Osadzazitsa mpaka m'milomo ndi mtima woti chikhalitse. Ngati ndi ya zingwe ziwiri chilichonse chili ndi mbali yake, zisakwerane. Musiye kunja ngati 15cm mbali iliyonse.

Za madzi zija anthu amaseka koma n'zoona. Nayiloni imamwa chinyezi, ikauma imakhala yophweka kuthyoka, nde ndi mphepo youma ya kuno June July plus kutentha kwa mu shedi ya malata chingwe chimangoduka pa kabowo pafupipafupi. Ponyani mpukutu wonse mu ndowa ya madzi usiku umodzi kapena tsiku lathunthu, mudzaona kufewa kwake. Ine changa chimakhala mu chigubu cha ayisikilimu muli timadzi, pamthunzi.

Komanso dziwani kaye mtundu wa makina anu chifukwa simunanene. Ena si ogogoda. Alipo oti chingwe chimatuluka pang'ono ukasiya trigger n'kudikira aime kenako n'kudinanso, ena amatulutsa okha akamazungulira, amenewo ukawamenyetsa pansi ukungoswa chotsekera. Mkati mwake mumakhala kapulasitiki kakang'ono kosewera kamene kamagwira mano a spool, kakadzadza matope ndi udzu kapena kakaperepeseka basi chingwe chaima. Tsukani ndi mswachi wakale muone ngati kakusewera. Ambiri ali ndi kabatani pansi kodina uku ukukoka chingwe ndi dzanja, yesani pamenepo, chikabwera mosavuta ndiye kuti mwakulunga bwino. Ogogodawo gogodani ali pa liwiro lonse, kamodzi, pa kapinga. Batire likakhala lofooka liwiro silikwana kukoka chingwe, ndiye musaweruze makina batire lili pa kadontho kamodzi. Onaninso tizitsulo ta pa mabowo, tikadyeka n'kukhala ndi mpata wakuthwa timadula chingwe tokha. Ndipo guard isachoke, kampeni kali pamenepo ndi kamene kamadula chingwe pa muyezo, popanda iko chimatalika mpaka mota kutentha, osanenanso za miyala m'maso.

Langizo langa lenileni, makina a bwana musamatsegule iye palibe, zikavuta muimbireni abwere aone yekha, ndipo muuzeni agule ma spool okulunga kale aja, osavutika ndi zokulunga pamanja. Ngakhale kunena zoona ine ndimakulunga ndekha mpaka lero kkkk okulunga kalewo ndi odula ndipo sachedwa kutha, komanso ukati udikire bwana abwere ku ntchito udzu ukudikira iwe? Tsegulani basi, koma jambulani ndi foni musanachotse kalikonse kuti mudziwe mmene zinakhalira, ndi umboni womwe. Panopa ndili ndi yangayanga ya second hand ndinagula kuti ndizigwirira ma piece job, yolembedwa 1.6 koma ndikakumana ndi kikuyu wokhwima ndimaikamo 2mm, imatentha pang'ono koma imapita. Inu musatengere ine.

Sipuring'i ija inapezeka February, inali mu kabasiketi ka zinyalala ka swimming pool, yachita dzimbiri. Ndinakamuonetsa bwana, tinaibwezera ndi chingwe cha 1.6, makina anagwira ntchito ngati atsopano, iye anangoti oh good n'kulowa m'nyumba. R500 yanga sanaitchulenso. Tumizani chithunzi cha kumutuko mutatsegula, ndi pomwe palembedwa ma mm, ndikuuzani kuti ndi mtundu uti ndikaweruka.