Chitsime chathu sichinalowe m'maminitsi

Mayi wina wa ku Chibavi wandilembera kuti amusankha kulowa m'komiti ya chitukuko ya wodi yawo. Akufunsa ngati komitiyi ili ndi mawu pa nkhani za umoyo, kapena azikangowotha dzuwa. Mayi, mwandigunda pachilonda.

Ine ndinakhalapo pa msonkhano wotere, pabwalo la tchalitchi, tikulemba zimene dera lathu likufuna. Bambo wina anayamba: mlatho. Wina: msewu, akabaza akutidulira mtengo nthawi ya dzinja. Wina: magetsi a mumsewu. Tonse m'manja phwaphwaphwa. Ine ndinali ndi yanga pakhosi, ya chitsime chimene tinkatungapo madzi, chomwe chinayandikana kwambiri ndi chimbudzi cha aneba. Aliyense wokhala m'madambo a Mzuzu, kaya ku Salisbury Lines kaya kwanu ku Chibaviko, akudziwa kuti ukangokumba pang'ono madzi atuluka kale, ndipo mvula ikalimbika za m'chimbudzi ndi za m'chitsime zimapatsana moni pansi pa nthaka. Koma anebawo anali atakhala pambali panga penipeni, tikugawana chitenje chimodzi. Ndinangomeza malovu.

Febuluwale wotsatira mwana wanga anatsekula m'mimba masiku anayi, ine ndikusungunula Thanzi ORS pakati pa usiku ndi tochi ya foni. Mlatho uja unalembedwa. Chitsime ayi, poti palibe anachitchula, ngakhale ine mwini.

Ndiye anthu akamati makomitiwa ndi a maalawansi chabe, ndimavomera theka. Alipo ndithu ongodzera Fanta ndi envulopu. Koma vuto lalikulu ndi ifeyo: timapempha zooneka, zoti andale adzadule riboni. Chimbudzi ndani angachidulire riboni? Lamulo la maboma ang'ono la 1998 linati mphamvu ku anthu, mapulani aziyambira pansi, kumudzi ku VDC ndi ADC (makomiti a chitukuko a m'mudzi ndi a m'dera), kuno kutauni ku makomiti a wodi. Kenaka kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko linakhala lopanda makhansala, ndipo m'zaka zimenezo tinazolowera kudikira phungu, yemwenso tinamusandutsa wogula mabokosi a maliro. Chizolowezicho sichinatichoke. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo pamenepo mpamene tonse tinakumbuka klorini ndi ndowa zosambira m'manja pakhomo la sitolo iliyonse. Ndowazo pano akusungiramo ufa.

Tsono inu muchite chiyani?

Musanapite ku msonkhano woyamba, kaonaneni ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, HSA uja amayeza ana kusikelo. Iyeyo ali ndi kaundula: nyumba zingati zilibe chimbudzi, ana angati atsekula m'mimba, ndani akumwabe za pachitsime chifukwa kiosiki ya Water Board ili kutali. Mukapita ndi manambala simutchula dzina la mnansi aliyense, choncho simudana ndi munthu. Onetsetsani kuti mlembi walemba, muwerengetse maminitsiwo mokweza, kope lina lipite kwa khansala kuti akaitule ku komiti ya zaumoyo ya khonsolo. Chaka cha boma cha ndalama chimayamba pa 1 Epulo, ndiye musadikire Malichi. Bajeti imakhala itaphikidwa kale.

Chitsime chathu chija tinachikwirira tokha, ine ndi aneba omwewo, mwana wawonso atadwala.