Dipoziti ya diresi musanaione? Ine zinandionekera

Asisi, dipoziti imene akukuuzani kuti mutumize diresi musanaigwire m'manja ija, isungeni kaye. Ndangowerenga zanuzi, zoti mukufuna diresi yovala pa ukwati wa achimwene anu, mtima wayambanso kuwawa, chifukwa ine butiki ina ya mu Old Town momwemu ku Lilongwe inandiyalutsa pa ukwati wa mng'ono wanga. Dzina sinditchula, mwini wake mwina ali m'gulu lomwe lino, adzizindikira yekha.

Diresi ndinaiona pa status ya WhatsApp, yobiriwira, yofika m'mapazi. Mayiyo akuti "mami iyi ndi ya ku Turkey, ikubwera pa ndege, ikani theka tikusungireni." Ndinatumiza pa Airtel Money. Kuchokera apo nkhani inangokhala mawa mawa. Kenako akuti katundu wachedwa pa Songwe. Ine ndiye diresi ya pa ndege pa Songwe ikukatani? Imeneyo ndi njira ya amene amakaoda ku Kariakoo ku Dar es Salaam, tonse timadziwa. Itafika, mtengo wasintha, akuti dola yakwera. Munali mu Disembala 2023, kwacha itangogwa ndi 44 peresenti mu Novembala, ndiye aliyense amangobisala kuseri kwa dola, ngakhale pa katundu amene anapikula kalekale. Ndinaonjezera, nanga ndikanatani ukwati uli mawa lake?

Ndinakaitenga Lachisanu madzulo, magetsi atazima, m'shopu muli mdima. Koyesera kwake ndi kuseri kwa katani, kamtsikana kogulitsa kakundiunikira ndi tochi ya foni kwinaku kakukoka zipi ndi mphamvu, nkumati "yakukhalani bwino madam." Lebulo inali yodulidwa ndi sizasi. Lisiti akuti buku latha.

Loweruka tsopano. Holo yodzaza, kutentha kwa Disembala kuja mvula ikufuna kugwa. Nthawi ya perekaniperekani MC waitana akuchikazi, ine monga mkulu wa mkwatibwi ndili kutsogolo, ndikuvina ndi ma K1,000 m'manja. Ndalama ina inagwera pambali pa beseni, ndinangoti ndiwerame nditole, kumbuyo kwaa! Msoko wonse kuyambira pothera zipi mpaka kumusi unamasuka. Ndinamva mphepo kumsana ndisanamve kuseka kwa ana. Kumbuyo kwanga kunali akuchimuna okhaokha, madala a masuti, apongozi a mwana wathu ali pomwepo, wa kamera nayenso osasuntha. Azakhali anathamanga atavula chitenje chawo chapamwamba nkundikulunga, tinatuluka chammbali nyimbo ikulirabe. Kubafa ndi kumene ndinaona zinanso, utoto wobiriwira wasuluka ndi thukuta, m'khwapa monse ndi m'khosi ndili biriwiri. Nditaitembenuza ndinapeza kuti anangodutsitsa ulusi kamodzi, nsalu yotsala pamsoko yosakwana ndi chikhadabo chomwe. Zithunzi zonse za banja ine ndili m'chitenje cha azakhali ndi bulauzi yobwereka. Mpaka pano vidiyo ya ukwati umenewo sindimaionera.

Lolemba ndinapita nayo. Kamtsikana kaja kanangondilozera pepala la pakhoma lolembedwa kuti katundu akatuluka sabwezedwa. Mwini wake pa foni akuti "mwina mwanenepako mami." Kunenepa usiku umodzi? Madzulo ake anali atandiblocka. Mayi iwe ngati ukuwerenga, ndalamayo udye bwino. Umavala mawigi a ndalama zankhaninkhani pa Facebook nkumalemba za madalitso, chonsecho ukubera azimayi anzako m'maso muli gwa. Chomwe chinandimaliza nchakuti patapita nthawi ndinaipeza diresi yomweyo, mtundu womwewo, itapachikidwa pa shopu ina cha ku Malangalanga, mtengo wake wosafika ndi theka lomwe.

Mudziwenso kuti pepala la pakhoma lija lilibe mphamvu. A bungwe loteteza ogula la Competition and Fair Trading Commission, CFTC, akhala akunena kuti kukana kubweza katundu wowonongeka nkulakwira lamulo, ndipo madandaulo amalandira konkuno ku Lilongwe. Koma amafuna umboni, ndiye lisiti muzilimbirana nalo, meseji ya Airtel Money kapena Mpamba musafufute, zokambirana za pa WhatsApp muzijambula asanazichotse.

Ndiye mukapita, pitani masana dzuwa lili pamutu, mutenge mnzanu wosaopa kulankhula. Itembenuzeni diresiyo muone msoko, muikoke pang'ono. Nyowetsani kansalu koyera mupukute mkati muone ngati ikusuluka. Mukavala musamangoima pagalasi, khalani pansi, weramani, kwezani manja. Saizi ya zovala zochokera ku China imachepa, XL yawo kwa ife a mahipi ndi nthabwala, pomwe za ku Joni zimayandikirako. Akakana kuti muyese, tulukani.

Ena akuuzani kuti pitani ku msika wa kaunjika wa Tsoka m'mawa akamatsegula belo, zoona mumapezeka zolimba kuposa za m'mabutiki ambiri, koma nakonso sikotchipa ngati kale. Si paja mavenda a kaunjika anachita kuguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo mu Febuluwale 2025 chifukwa cha mitengo ya mabelo? Komanso ukwati wa achimwene anu enieni, ine kaunjika ayi, mudzakumana ndi azilamu a maso akuthwa.

Mabutiki abwino alipo, ndisanamize. Ine ndimagulabe kwa mayi wina cha ku Area 47, wodula inde, lendi ya kumeneko si masewera, koma zipi ikavuta amakonzetsa yekha kwa telala wake. Vuto lake zabwino zimathera pa status pomwepo zisanafike ndi pa hang'ala, ndiye akaika chokusangalatsani musachedwe, thamangani mukaione nokha musanalipire, apo ayi mupeza yapita.

Ukwatiwo uli liti kodi? Ngati kwatsala mwezi ndi kuposa, gulani nsalu yabwino mupereke kwa telala sabata ino, muzikayesa kawiri isanathe, ndipo mumuuze tsiku labodza loyandikira, chifukwa nawonso matelala athu nkhani yake ndi ina.